Mgolo wa mafuta pansi pa kauntala: njanji, matayala kapena kuugoneka?

Ife amene timagulitsa mafuta ophikira oyeza tikudziwa kuti kaphindu kamaoneka ukapikula ambiri nthawi imodzi. Vuto limayamba tsiku limene mgolo wa malita 200 watsitsidwa pakhomo pa golosale. Ukhala pati? M'shopu yanga malo okhawo anali pansi pa kauntala. Njira ziwiri ndayesapo ndekha, ina ndaiona bwino kwa mnzanga amene tayandikana mashopu, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene zimasiyanirana musanapereke ndalama kwa wowotcherera.

Tengani tepi kaye. Mgolo wachitsulo wamba ndi wautali masentimita pafupifupi 88, ndipo m'mimba mwake ndi pafupifupi 58. Lita imodzi ya mafuta ophikira imalemera magalamu pafupifupi 920, ndiye malita 200 ndi makilogalamu 184. Mukaphatikiza chitsulo cha mgolowo mwafika pa 200, kufanana ndi matumba anayi a chimanga. Makauntala ambiri amene akalipentala amatikhomera amafika masentimita 90 kapena 100 kuchokera pansi. Mukuona kuti mgolo woimirira umangokwana ndendende, pamwamba pake sipatsala malo oti pampu ikhale. Njira zonsezi zikulimbana ndi zinthu ziwiri zomwezi: kulemera, ndi kampata kakang'ono kamene katsala pamwamba.

Ndinayamba ndi njanji za dirowa, zija zazikulu zokhala ndi timipira tachitsulo m'kati. Zimakopa maso, osanama. Mumakhoma thabwa lolimba pakati pa njanji ziwiri, mgolo n'kukhala pamenepo, mukafuna mafuta mungokoka ngati dirowa. Zilipo zimene amalemba kuti zimanyamula makilogalamu oposa 200, koma nambala imeneyo imagwira ntchito njanjizo zikamangidwa choimirira m'mbali, zonse ziwiri zitawongoka mofanana. Mukazigoneka chafufumimba pansi pa thabwa, monga ambiri amachitira kuti asataye malo, mphamvu yake imatsika kwambiri. Ndipo chimene wogulitsa sanandiuze n'chakuti mgolo ukatuluka panja, makilogalamu 200 onse aja amalendewera kutsogolo, n'kumakoka kauntala. Yanga inali yamatabwa, yosamangirira pansi. Tsiku lachitatu mnyamata wanga atakoka, kauntala yonse inadzuka kumbuyo, sikelo ndi botolo la maswiti n'kugwa, ndipo mwamwayi mwendo wake unali pambali. Ndikakumbukira mpaka lero mtima umagunda.

Kauntalayo tinaimangirira ndi mabawuti m'simenti, koma panabuka vuto lina. Mafuta akadonthera pa njanji, fumbi la mu Okutobala limakakamira pomwepo n'kusanduka phala lakuda. Timipira tija timayamba kukhukhuza, ndipo munthu umakoka ndi mphamvu chinthu chimene chimafunika kukokedwa mofatsa. Sindikunena kuti njanji n'zachabechabe. Pa zigubu za malita 20, zimene chimodzi chimalemera makilogalamu 18 kapena 19, palibe china choposa: zigubu ziwiri kapena zitatu pa thabwa limodzi, kukoka ndi dzanja limodzi, msana osapweteka. Ngakhale kamgolo ka malita 60 kamakhala bwino. Koma mgolo waukulu, ayi ndithu.

Mnzanga uja anasankha kuugoneka. Wowotcherera anamupangira kabedi ka angle iron (zitsulo zija zopindika ngati L), mgolo n'kugona chammbali. Pachivundikiro cha mgolo pamakhala mabowo awiri, lalikulu la mainchesi 2 ndi laling'ono la magawo atatu mwa anayi a inchi. Laling'onolo amalitembenuzira pansi n'kumangapo mpopi, lalikulu limakhala pamwamba ndipo amalimasula pang'ono kuti mpweya uzilowa mafuta akatsikako. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo kuposa zonse, ilibe choyenda choti chingawonongeke, ndipo mafuta amatuluka okha. Zovuta zake ndi zitatu, ndipo ndaziona ndi maso. Kuti botolo la lita likwane pansi pa mpopi, kabediko kayenera kukwera masentimita ngati 30, ndiye mukawonjeza 58 a mgolo mwafikanso pa 88, ndiponso mgolo wogona umadya mita yathunthu ya kauntala m'litali. Kuukweza pamenepo uli wodzaza ndi ntchito ya amuna atatu kapena anayi, kapena apo ayi kabedi kokhala ndi miyendo yokhota kamene amamangirira mgolo uli chiimire n'kupendeketsa. Chachitatu ndi mpopi. Mpopi ukatha rabala kapena mwana akaugunda, mafuta sasiya kutuluka mpaka mgolo utatha, ndipo zikachitika usiku mumadzapeza mpamba wonse uli pansi. Amene mwasankha njira iyi, gulani mpopi wokhala ndi pokhomera loko, ndipo pansi pake pazikhala beseni nthawi zonse. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka m'madera ozizira ngati Dedza ndi Mzuzu, mafuta ochokera ku kanjedza amagwirana, ndipo pa kabowo kakang'onoko amangodontha, kasitomala ali chilili kudikira.

Chimene ndikugwiritsa ntchito pano ndi kangolo ka matayala, ndipo apa ndichedwapo chifukwa kapangidwe kake ndiko kamasiyanitsa. Ngolo zogula zopangapanga zimakhala mkombero wachitsulo, matayala ali pansi pake, ndipo zimakweza mgolo masentimita 10 kapena kuposa. Pa kauntala ya 90 kapena 95 ndiye kuti sulowa. Ine ndinauza wowotcherera kuti matayala awaike kunja kwa mkombero, pa timapiko totulukira m'mbali, kuti mgolo ukhale m'munsi, masentimita 4 okha kuchokera pansi. Kangoloko kamatambalala mpaka masentimita ngati 80, choncho matayala awiri amasuzumira kumbali imene ndimaima, koma kutalika konse kumathera pa 92.

Matayala musagule mwachisawawa. Pansi pa mashopu athu sipakhala posalala, ndiye ngakhale matayala ali anayi, nthawi zambiri atatu okha ndi amene amasenza. Gawani 200 ndi 3, osati ndi 4: tayala lililonse lizitha kunyamula makilogalamu 70, ndipo ine ndinatenga a 100 kuti ndisamade nkhawa. Matayala a rabala wamba amafufuma ndi kufewa akamaponda mafuta. A pulasitiki wolimba, monga polyurethane kapena nayiloni, amapirira. Ang'onoang'ono amakodwa pa mng'alu uliwonse wa simenti, choncho asachepere masentimita 7 kapena 10, ndipo awiri akutsogolo akhale ndi mabuleki.

Poyamba ndinkautulutsa mgolo kuti ndipope, n'kuubwezanso, kasitomala aliyense akabwera. Kumeneko kunali kulakwitsa komwe kuja kwa njanji, kuyendetsa matumba anayi a chimanga chifukwa cha theka la lita. Kalipentala ndiye anandithandiza nzeru. Anaboola kauntala pamwamba, molunjika bowo lalikulu la mgolo, ndipo pampu yamanja imalowera pamenepo, paipi yake n'kutsika mpaka pansi pa mgolo. Tsopano chogwirira chili pamwamba pa kauntala, ndimayeza nditaimirira, kasitomala akuona mafuta akulowa m'botolo lake, ndipo mikangano ya muyezo inachepa. Mgolo umayenda pokhapokha ukatha kapena tikamakolopa. Loweruka lililonse timazula pampu, kumasula mabuleki, kuutulutsa ndi kutsuka kuseri, kumene mphemvu ndi makoswe zimakonda kubisala. Mnzanga wa kabedi uja zimenezi sangathe mpaka mgolo wake utatha.

Pampu nayo ili ndi mawu ake. Zija zachitsulo chakuda zopukusa, zimene amapopera dizilo ndi oyilo kumagalaja, sizoyenera mafuta odya. Funsani yapulasitiki kapena ya stainless steel (chitsulo chosachita dzimbiri) yolembedwa kuti ndi ya zakudya, ndipo kukamwa kwake muzivundikira mukaweruka. Mgolo nawonso ukhale woti sunasungepo china koma chakudya. Parafini musamuike pansi pa kauntala imodzi ndi mafuta, ngakhale malo atavuta bwanji. Fungo lake limalowa mu shuga ndi mu ufa, osanenanso za moto. Ubwino umodzi wa pansi pa kauntala, pa njira iliyonse mwa izi, ndi mdima: mafuta ophikira a m'Malawi amathiridwa vitamini A, ndipo vitamini ameneyu amawonongeka ndi kuwala, choncho ali bwino m'chitsulo kusiyana ndi m'mabotolo oyalidwa padzuwa.

Ngati kauntala yanu ndi yosakwana masentimita 95 m'kati ndipo simungaikweze, musakakamize mgolo waukulu. Tengani njanji ndi zigubu za malita 20. Ngati ndalama zavuta koma malo m'litali alipo, kabedi ndi mpopi wa loko zikutumikirani. Koma ngati mukukhometsa kauntala yatsopano, muuzeni kalipentala asiye masentimita 100 m'kati, asaike thabwa lopingasa m'munsi kumbali yanu kuti matayala azidutsa, ndipo bowo la pampu aboole mgolo utalowa kale m'malo mwake.