Chithai kapena Chifalansa: muyambe ndi chiti?

Ziyankhulo ziwirizi, cha ku Thailand ndi cha ku France, zimaphunzirika madzulo mukaweruka, koma ntchito yake ndi yosiyana.

Kuwerenga: Chifalansa chimalembedwa ndi zilembo zomwe timazidziwa kale, ngakhale zambiri zakumapeto kwa mawu sizitchulidwa. Chithai chili ndi zilembo zakezake, makonsonanti 44, ndipo sasiya mpata pakati pa mawu. Masabata oyambirira maso amatopa ndithu.

Kulankhula: Chithai chili ndi kamvekedwe ka mitundu 5, mukakweza mawu polakwika tanthauzo lasintha. Ife a Chichewa makutu athu anazolowerako zimenezi. Chifalansa chimavuta pa aneni, amene amasintha ndi munthu komanso nthawi, ndiponso dzina lililonse ndi lachimuna kapena lachikazi. Aneni a Chithai sasintha n'komwe.

Ndalama: Chifalansa chili pa Duolingo, pulogalamu ya pafoni yophunzirira ziyankhulo, ndipo masukulu ena asekondale ku Malawi amachiphunzitsa. Chithai nthawi zambiri chimafuna mphunzitsi wolipidwa pa intaneti.

Amene akufuna mabuku, maulendo kapena ntchito ku Kinshasa ndi ku Paris, atenge Chifalansa.

Koma kwa mwana wobadwa kwa mayi wa ku Thailand ndi bambo wa ku France, wokulira mumzinda wa Lyon ku France konko, nkhani si ya kuphweka ayi. Ku Bangkok, likulu la Thailand, ogulitsa pamsika amamuyankha m'Chingerezi atangoona nkhope yake, ku France amamufunsa kwawo kwenikweni. Ameneyu ndingamulimbikitse Chithai, ayambire pa kamvekedwe, kuti agogo ake a ku Thailand akaimba foni aziyankha yekha, osadikira amayi kumasulira.