Miyezi 16 mlongo wanga ali pa ntchito yochapa ndi kusita: zimene ndaona

Mlongo wanga ali ndi zaka 29 ndipo anabadwa ndi Down syndrome, vuto limene limachedwetsa kukula kwa thupi ndi nzeru za munthu. Atamaliza sukulu anakhala zaka zambiri pakhomo, tsiku lake likuyambira pa wailesi yakanema n'kuthera pomwepo. Kunja kukacha panalibe aliyense womudikira kwina kulikonse. Tsopano patha miyezi 16 chiyambireni ntchito pa bizinesi ina yochapa ndi kusita nsalu za m'mahotela, imene imalemba ndi kuphunzitsa akuluakulu okhala ndi ulumali wa ubongo, uja umachititsa munthu kuphunzira zinthu pang'onopang'ono. Mwezi woyamba ndinkauza aliyense kuti tatola chikwama. Lero ndikulemba mtima utakhala m'malo, nditaona zokoma zake ndi zowawa zake zomwe.

Malowa si sukulu, komanso si kosungirako anthu masana. Ali ndi makasitomala amene amabweza katundu akapeza banga pa nsalu, ndipo amapikisana ndi ena ochapa ngati bizinesi ina iliyonse. Kusiyana kwake n'kwakuti phindu sililowa m'thumba mwa mwini wake, limabwerera kukalipira alangizi ndi kuphunzitsa anthu atsopano. Mabizinesi otere alipo m'mayiko ambiri. Ku Italy, lamulo nambala 381 la mu 1991 limati kopaletivu yokhazikitsidwa kuti ilowetse anthu pa ntchito iyenera kukhala ndi antchito osachepera 30 pa 100 alionse ochokera m'magulu ovutika kupeza ntchito, aulumali ali momwemo. Kumene kuli mlongo wanga aulumali ndi pafupifupi theka. Ena onse ndi anthu wamba ofuna malipiro kutha kwa mwezi, ndipo kusakanikirana kumeneku ndiko kunandikopa poyamba.

Asanayambe, mlangizi anabwera kunyumba katatu. Sanabwere ndi mapepala a mayeso. Anakhala pansi, n'kumaona mmene mlongo wanga amakhalira. Tsiku loyamba anamufunsa kuti, "Achimwene, inu mumakonda kuchita chiyani?" Ine, monga ndinazolowera kwa zaka zonsezi, ndinalumphira yankho. Mlangiziyo ananditembenukira mwaulemu n'kunena kuti, "Mayi, tiyeni tiwapatse mpata, ayankha okha." M'nyumba munati zii. Ndinkangoona ngati nthawi yaima. Kenako mlongo wanga anadzuka, n'kumutengera mlendoyo kuchipinda kwake kukamuonetsa nsapato zake zitandandalikidwa mwa mitundu, zingwe zonse zitalowetsedwa m'kati. Ife pakhomo tinkaziona ngati khalidwe lake chabe. Mlangiziyo anaonapo munthu wokonda dongosolo, ndipo n'chifukwa chake anamuika kumbali yosankhula ndi kupinda nsalu, osati ku makina.

Gawo limene ndimalilemekeza kwambiri mpaka lero ndi kaphunzitsidwe kawo. Kupinda tawulo, ntchito imene ine ndimachita osaganizako, anaigawa m'masitepe 9. Sitepe iliyonse anaijambula ndi foni, manja a mlongo wanga yemweyo akuoneka pa chithunzi, n'kumata zithunzizo pa khoma patsogolo pa tebulo lake. Ndinapatsidwa mwayi woonerera m'mawa wina. Mlangizi anaima chakumbuyo kwake pang'ono, osalankhula zambiri. Dzanja likalowera kolakwika ankangomukhudza pa chigongono. Akalakwitsa ndithu, ankati, "Yesani njira ina," basi, n'kudikira. Palibe "ayi," palibe "ndakuuzani kangati." Nditafunsa, anandifotokozera kuti njira imeneyi inachokera kwa Marc Gold wa ku America, amene m'zaka za m'ma 1970 anaphunzitsa anthu omwe ankaonedwa ngati osaphunzitsika kulumikiza mabuleki a njinga okhala ndi tizitsulo 15. Mfundo yake inali yakuti wophunzira akalephera, choyamba kusintha ndi kaphunzitsidwe. Kwa mlongo wanga zinagwira chifukwa anthu ambiri a Down syndrome amasunga bwino zimene aona kuposa zimene amva. Ukamuuza zinthu zinayi m'chiganizo chimodzi, amagwira choyamba, zinazo zimamudutsa. Chithunzi chimakhala pomwepo, sichithawa, ndipo akhoza kuchiyang'ana kakhumi popanda wina kutopa naye.

Pofika mwezi wachitatu zithunzi za matawulo anazichotsa yekha. Anayamba nsalu za pabedi, zimene amapinda awiriawiri.

Mwezi wachinayi mlangizi anayamba kutalikira. Poyamba ankachoka ola limodzi, kenako theka la tsiku, kenako ankangobwera kawiri pa sabata. Kunena zoona ndinakwiya. Ndinaganiza kuti atopa naye, ndipo ndinapita kukawafunsa. Anandiuza kuti kuchoka kwa mlangizi ndi mbali ya ntchito yake, chifukwa akakhalitsa pambali pa munthu, anzake a pa ntchito amazolowera kulankhula ndi mlangiziyo m'malo molankhula ndi mwini wake. Sindinakhutire tsiku limenelo. Ndinadzamvetsa mwezi wotsatira, zinthu zitavuta.

Tsiku lina mlongo wanga anaponya nsalu zofiira m'dengu la zoyera, ndipo matawulo a makina onse anatuluka atasintha mtundu. Kapitawo anamukalipira pamaso pa anthu. Anabwera kunyumba osalankhula, yunifolomu anaikankhira kunsi kwa bedi, ndipo masiku atatu otsatira ankangoti m'mimba mukuwawa. Ndinkadziwa kuti chikuwawa si m'mimba. Apa m'pamene ndinaona kuti malowa ndi otani. Sanamuchotse, sanamusamutsire kosesa. Mlangizi anapita kukaona madengu aja n'kupeza kuti onse anali a mtundu umodzi, zolemba zokha ndi zimene zinkasiyana, pomwe mlongo wanga amawerenga movutikira akakhala pa changu. Anamata tepi yofiira pa dengu lina, yoyera pa linzake. Kapitawo anamuimbira foni yekha kupepesa. Koma amene anamubwezeradi ku ntchito ndi mayi wina wachikulire wa ku simbi, amene anatumiza uthenga wakuti, "Mwanawe, bwera, nsalu zikundikanika kupinda ndekha." Kuyambira pamenepo amapuma limodzi masana, ndipo mayiwo ndi amene amazindikira msanga akayamba kusokonezeka. Salipidwa kanthu pa zimenezi. Mlangizi akanakhala ataimabe pambali pake, ubale umenewu sukanamera.

Za malipiro ndilankhule mosabisa, chifukwa mabanja ambiri timachita manyazi kufunsa, ngati kuti kungomulandira m'bale wathuyo n'kokwanira. Miyezi itatu yoyamba ankalandira kangachepe koyendera, ankati ndi nthawi ya maphunziro. Itatha anasaina kontrakiti, imene anamuwerengera m'mawu osavuta, ndipo amalandira malipiro osatsika pa amene lamulo limalola, mofanana ndi anzake a pa tebulo lomwelo. Si kulikonse kumene zili chonchi. Ku America, ndime 14(c) ya lamulo la ntchito la mu 1938 inatsegula khomo loti olemba ntchito ena azilipira aulumali zochepera malipiro otsikitsitsa. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lovomerezedwa mu 2006, mu ndime 27 limanena za malipiro ofanana pa ntchito yofanana. Choncho amene mukufunira m'bale wanu malo otere, funsani tsiku loyamba lomwe kuti nthawi ya maphunziro imatha liti, ndipo yankho lake likhale lolembedwa.

Pepala la malipiro ake oyamba analiika m'pulasitiki n'kulipachika pamwamba pa bedi. Lilipobe.

Koma ndalamazo zinabwera ndi vuto limene malowa sanalikonzekere konse. Anamuphunzitsa kupeza ndalama, sanamuphunzitse kuzisunga. Mwezi wachisanu ndi chiwiri malipiro onse anatha m'sabata imodzi. Anthu amene kale sankamupatsa ngakhale moni anayamba kumutcha bwana n'kumamubwereka, ndipo iye mawu akuti "ndilibe" samawadziwa. Nditawauza a ku ntchito anati zimenezo ndi za kunyumba. Mwina n'zoona, koma amadziwa bwino anthu amene amawalipirawo, ndipo akanatichenjeza. Tinakonza tokha: maenvulopu atatu okhala ndi zithunzi, ya basi, ya zofuna zake, ndi yosunga. Tinayesezanso kukana, ine ndikukhala wobwereka, mpaka anazolowera kunena kuti, "Ndifunse kaye kunyumba."

Cholakwika china chachikulu ndi kusinthasintha kwa alangizi. M'miyezi 16 wakhala ndi atatu. Woyamba uja anachoka atapeza ntchito ya malipiro abwinopo, ndipo sindimuimba mlandu. Wachiwiri anabwera wopanda zolemba zilizonse za mnzake, n'kuyambanso kumuphunzitsa zimene ankazidziwa kale, akumulankhula ngati kamwana. Mlongo wanga anakhumudwa, ndipo kwa milungu ingapo ntchito yake inabwerera m'mbuyo. Palinso nyengo zimene maoda amachuluka. Zikatero maola ophunzitsira amangosowa, ndipo ochedwa manja amatumizidwa kukapukuta mashelefu kuti achangu amalize katundu. Ndikumvetsa kuti akataya kasitomala onse ataya ntchito. Komabe bizinesi ndi maphunziro zimakokerana bulangeti limodzi, ndipo ndaona kuti kukazizira, maphunziro ndi amene amagona pamtunda.

Mwezi wa 10 anayamba kuchedwa pa chilichonse, kuwodzera nthawi yopuma, kunenepa. Lipoti linabwera lakuti chidwi chake chatsika. Ine ndinakayikira, n'kupita naye kuchipatala. Atamuyeza magazi anapeza kuti chithokomiro chake chikugwira ntchito mofooka, vuto limene limapezeka kawirikawiri mwa anthu a Down syndrome. Atayamba mankhwala, patapita milungu ingapo anabwerera mwakale. Malo amene amagwira ntchito ndi anthu ngati iye tsiku ndi tsiku anayenera kuganizira za thanzi asanalembe za chidwi.

Tsopano funso limene likundisowetsa tulo. Tikuyamba anatiuza kuti munthu amakhalapo zaka ziwiri, kenako amamuthandiza kupeza ntchito kwina. M'miyezi yonseyi ndaona anthu awiri okha akuchoka mwa njira imeneyo. Ena akhalapo zaka zisanu kapena kuposa, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuona: amene waphunzira bwino ndi amenenso bizinesi ikumudalira, ndiye kumulola apite n'kudzichotsera dzanja lamanja. Anthu amene anayambitsa ntchito yothandizira aulumali pa malo a ntchito ku America, imene inalowa m'malamulo awo mu 1986, ankatsutsa zomuphunzitsa munthu kwa zaka pa malo apadera podikira tsiku limene adzakhale wokonzeka. Ankati mupezereni ntchito yeniyeni kaye, mukamuphunzitsire komweko, chifukwa luso lophunzirira pa tebulo lina silisamuka lokha kupita pa tebulo lina. Project SEARCH, imene inayambira pa chipatala cha ana cha ku Cincinnati mu 1996, imayendetsa achinyamata m'magawo atatu a ntchito m'kati mwa kampani yeniyeni kwa chaka chimodzi cha sukulu, cholinga chili choti alembedwe ntchito. Ku Britain, mafakitale a Remploy, kampani imene inakhazikitsidwa mu 1945 kuti izilemba aulumali, anatsekedwa omaliza mu 2013. Ndipo mu 2022 komiti ya United Nations yoona za pangano lija inanena momveka kuti ntchito zopatula aulumali paokha sizikwaniritsa ufulu wogwira ntchito. Kumene kuli mlongo wanga si kopatula kotheratu, poti amagwira ndi anthu osiyanasiyana ndipo amalipidwa mokwanira. Koma khomo lotulukira likapanda kutseguka, pang'ono ndi pang'ono kudzafanana nako.

Nditamufunsa mlongo wangayo ngati angakonde kukayesa kwina, anandiyang'ana modabwa. "Achemwali, ine ntchito ndili nayo kale." Mawu amenewo anandigwira. Ndine ndani kuti ndimuchotse pamene ali ndi anzake, pamene amadziwa dengu lililonse, pamene kwa nthawi yoyamba akudwala anthu amafunsa kuti ali kuti? Mbali inayi, sanaonepo malo ena alionse, ndipo munthu sasankha chimene sanachione. Ndimaganizanso za tsiku limene bizinesiyi ingadzatseke, monga amatsekera mabizinesi ena, iye atadziwa tebulo limodzi lokha.

Munthu akandifunsa ngati angapititseko m'bale wake ndimati inde, mosazengereza. Mlongo wanga amakwera basi yekha, amadzuka alamu ikalira, amalankhula ziganizo zazitali kuposa kale chifukwa ali ndi nkhani zoti anene madzulo. Koma ndimawonjezera kuti asapite n'kukangothokoza. Afunse kuti chaka chathachi ndi angati apeza ntchito kunja, mlangizi mmodzi amasamalira anthu angati, ndipo akachoka zolemba zake zimatsala ndi ndani.

Pa msonkhano wa mwezi watha ndinapempha kuti ayesedwe tsiku limodzi pa sabata kochapira kwa hotela ina imene ndi kasitomala wawo, masiku enawo azikhalabe kumene anazolowera. Manijala anayamba wakayika, koma mlangizi wachitatuyu anandiikira kumbuyo, ndipo mlongo wanga anavomera atamva kuti azibwererabe kwa mayi a ku simbi aja. Ayamba Lachiwiri likubwerali. Loweruka tinayenda njira yatsopanoyo kawiri, iye akujambula ndi foni yake pokwerera basi, potsikira, ndi chitseko cha kumbuyo cholowera antchito. Usiku ndinamupeza atayala zithunzizo pa bedi mwa dongosolo lake, akuziloza chimodzichimodzi ndi chala.