Zoyang'anira ma line a foni ku ofesi, chaka chikukwana tsopano

Achimwene ena omwe ali ndi ofesi ku Lilongwe andifunsa pa WhatsApp ngati nawonso alipire pulogalamu yomwe tinaika kuno ku Limbe yoyang'anira SIP trunk, line ya foni yodzera pa intaneti, ndiye ndati ndiyankhire pano ena amve nawo. Ife timagulitsa zipangizo zomangira, maoda ambiri amabwera pa foni kuchokera ku Thyolo, Mulanje mpaka Zomba, nambala ndi imodzi koma imalowa mu PBX, makina ogawa ma call mu ofesi, nkugawikira mafoni a pa desiki. Line ikafa palibe chimakuuza, mafoni amangoti zii iwe nkumati lero malonda avuta, chonsecho kasitomala waimba watopa wakagula kwa mnzako.

Dashibodi ya pulogalamuyi imaonetsa bwino ngati trunk ili registered, kutanthauza kuti yalumikizana ndi eni line, mbiri ya ma call siisowa, lipoti la pamwezi limandithandiza pokangana ndi otipatsa line. Apo ndilibe nawo mawu.

Chomwe chanditopetsa ndi green wabodza. Pulogalamuyi imatumiza kauthenga kotchedwa OPTIONS ku seva ya eni line mphindi iliyonse pa port 5060, seva ikayankha basi yalemba green, kutanthauza kuti line ili bwino. Koma mawu sadutsa pamenepo, amadzera ma port ena onyamula mawu otchedwa a RTP, kwathu kuno 10000 mpaka 20000. Ndiye magetsi akathima jenereta nkulira, rauta imadzuka ndi IP ina, adiresi yake ya pa intaneti yasintha, foni ikuitana bwinobwino, mtsikana wa pa reception halo halo, uko kasitomala sakumva kalikonse, pa sikirini green ali phee. Tinadziwira kwa bambo ena omwe anachita kukwera minibasi kudzatikalipira kuti bwanji mukumayankha foni nkukhala chete. Nanga tsiku lomwe okumba ngalande anadula fiber? Alert imadzera intaneti yomweyo yadukayo, ndiye imelo yoti trunk yagwa inafika limodzi ndi yoti yadzuka, ngati mlonda wokuwa akuba atapita kalekale. Tsiku limenelo ndinafuna kungoichotsa.

Otigulitsawo poyamba yankho linali lomwe lija, zimitsani rauta muyatsenso bwana. Koma mnyamata wawo mmodzi ulemu wake, anabwera Loweruka osalipiritsa, anazimitsa SIP ALG, setting ya pa rauta yomwe imasintha mauthenga a ma call, nkuika kamodemu ka SIM kuti alert izibwera pa SMS. Kuyambira pamenepo intaneti ikaduka foni yanga imalira nthawi yomweyo ngakhale ndili ku tchalitchi, ndipo ndimauza anyamata asinthire makasitomala ku nambala ya m'manja. Mtima unakhalako pansi. Za mawu osamveka zachepa koma sizinathe, akuti mankhwala ake ndi test call, makina aziimba okha nkumvetsera ngati mawu akudutsa mbali zonse, ndipo imeneyo ndi phukusi lina lolipira padera. Pogulitsa paja sananene zimenezi.

Layisensi amawerengera m'madola, ndipo amene anaona kwacha ikugwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa kuti bilu yotere sugona nayo tulo. Panopa test call ndimapanga ndekha m'mawa ndi foni yanga ndisanatsegule shopu, yaulere. Ndiye achimwene, gulani ngati avomera kulemba mtengo wa chaka chonse mu kwacha, SMS ndi test call zili momwemo. Ine ndawauza zomwezo, akakana sindiwonjezera kontrakiti, modemu yokhayo ndiwagula.