Abakha a mayi ena a ku Luchenza: chidali chabwino, koma si chamufilimu

Amene mukufuna nyama ya bakha kuno ku Thyolo musavutike ndi ulendo wa ku Limbe. Kufupi ndi Luchenza kuli mayi ena amene amaweta abakha pakhomo pawo, ndipo mukawauza dzulo lake pa WhatsApp, mumakapeza atapha, atasosola ndi kuwaula kale. Mtengo wa bakha wamphongo wamkulu umafika pa wa nkhuku zachikuda ziwiri. Ndi wokwera ndithu, koma nyama yake ndi yambiri moti banja langa limadya kawiri.

Chomwe chinanditengera kumeneko ndi filimu ina ya ophika a ku France yomwe mwana wanga wamkazi anationetsa pa laputopu. Wophikayo anatenga chidali cha bakha, kucheka timizere pakhungu, kuchigoneka pachiwaya, kenako kuchidula zidutswa zofiirira mkati n'kuthira msuzi wa malalanje. Mwanayo sanandipatse mtendere mpaka nditalonjeza kuti tiphika chomwecho Loweruka.

Nditawafotokozera mayi aja kuti ndikufuna chidali chochotsedwa pafupa khungu lili pomwepo, anandiyang'ana kaye. "Achimwene, ndiye mafupawo mutaya?" Ndinawatsimikizira kuti zotsalazo ndinyamula. Apo anatenga mpeni, kuutsetsereza m'mbali mwa fupa la pachifuwa, ndipo mbali ziwiri zonse zinachoka bwinobwino, khungu osang'ambika. Apa m'pamene ndimawayamikira kwambiri. Ambiri pososola nthenga amaviika bakha m'madzi owira mopitirira, khungu n'kufewa n'kuyamba kusendeka, ndiye khungu lotere silingaume pachiwaya. Mayiwa amazula ndi zala timizu ta nthenga timodzitimodzi, komanso amachotsa kathumba ka mafuta ka pamwamba pa mchira, kamene kamabweretsa fungo lija anthu amadana nalo.

Abakha awo ndi omwe timawadziwa m'midzimu, a zotupatupa zofiira kumaso, osalira mokweza, ongofwenthera. Mtundu wake ndi Muscovy, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Central ndi South America. Mazira awo amaswa pakatha masiku 35, pomwe a abakha ena amatenga 28, ndipo wamphongo amakula pafupifupi kuwirikiza wamkazi. Ngati mukufuna chidali, itanitsani wamphongo, koma wosakalamba. Mayiwa sabisa msinkhu wa bakha mukawafunsa. Anandikaniza okha wina wamkulu yemwe ndinamulozera, akuti ameneyo ndi wa mumphika basi.

Bakha wa mufilimu ndi wina. Chidali chomwe a ku France amachitcha magret chimachokera kwa abakha onenepetsedwa dala kuti chiwindi chikule, ndipo pansi pa khungu pamakhala mafuta okhuthala kwambiri. Kaphikidwe kochiwotcha ngati nyama ya ng'ombe, mkati muli mofiira, anakatchukitsa ndi wophika wina dzina lake André Daguin pa hotela yake mumzinda wa Auch ku France komweko cha m'ma 1959. Abakha a ku Luchenza amadya madeya ndi zotsala za kudimba, tsiku lonse ali pa ulendo, choncho mafuta awo ndi ochepa ndipo nyama ndi yolimbirapo. Mukatsatira filimu ndendende mudzapsereza khungu.

Ine ndimapanga chonchi. Chidali ndimachipukuta ndi kansalu mpaka chiume, n'kucheka timizere topingasa pakhungu lokha, mpeni osafika panyama. Ndimathira mchere, n'kuchigoneka chakhungu pansi pa chiwaya chozizira, chopanda mafuta ngakhale dontho. Chiwayacho chikhale chachitsulo chokhuthala; zopyapyala za kumsika zija zimatentha malo amodzi. Pambaula ndimadikira makala ayere, ndikawazako phulusa pang'ono kuti moto ufatse. Kwa mphindi zoyamba sipamveka kanthu. Kenako mafuta amayamba kutuluka m'timizere muja, kumati tsetsetse chapansipansi, ndipo nyumba yonse imadzaza fungo. Mukamva kuthetheka kwambiri, moto wachuluka, phulani kaye. Mafutawo ndimawakhuthulira m'kapu pang'onopang'ono. Khungu likafiira n'kuuma, pakatha mphindi khumi kapena kupitirirapo, ndimatembenuza kuti mbali inayo ipse mphindi zochepa, kenako kuchisiya pambale chipume chisanadulidwe. Mukadula pompopompo, madzi onse amathera pambale.

Za kufiira mkati zija ine sindigwirizana nazo kwenikweni. Ophika m'mahotela akunja amaphula chidali mkati mwake mutafika madigiri 55 kapena 57, pomwe malangizo a zaumoyo ku America amati nyama ya mbalame zoweta ifike madigiri 74. Kwa bakha woyenda m'zithaphwi, wophedwa pakhomo ndi kunyamulidwa pa kabaza dzuwa lili phwee, ine ndimasankha kupsetsa. Apongozi anga akanaona magazi pambale sakanakhudza n'komwe. Chinsinsi n'kudula tizidutswa topyapyala modutsa mitsempha ya nyama, ndiye ngakhale yapsa bwino sivuta kutafuna.

Msuzi wake ndi wosavuta: madzi a malalanje awiri, ndimu theka, uchi supuni imodzi ndi anyezi wodula mosalala, kuwiritsa m'chiwaya chomwecho mpaka ukhuthale. Ndayesaponso chinanazi cha ku Mulanje, koma chimatsekemera mopitirira, chimafuna kambuzi kuti chikhale bwino. Mafuta a m'kapu aja ndinakazingira kachewere wa ku Bvumbwe, ndipo kunena zoona ana anakanganirana kachewereyo kuposa nyama. Miyendo, mapiko ndi mafupa mayi a kunyumba anaphika mawa lake ndi tomato, moto wapansi maola awiri, tinadyera nsima. Msuzi umenewo unaposa wa malalanje, ngakhale mwana wanga sangavomere.

Zodandaula zilipo. Mayiwa alibe furiji, choncho muyenera kufika nthawi yomwe mwagwirizana, ndipo mutenge kanu kosungiramo kokhala ndi ayezi ngati mukuchokera kutali ngati ku Thyolo boma kapena ku Chitakale. Foni yawo imakhala yothima kawirikawiri, uthenga umatha kuyankhidwa mawa lake. Sagulitsanso chidali pachokha, mugula bakha yense. Nyengo ya mvula kamsewu kolowera kwawo n'koterera, galimoto yaing'ono isiyeni kumsewu waukulu. Ndipo mu Disembala abakha amatha msanga chifukwa cha Khirisimasi ndi maukwati, ndiye amene akufuna wamphongo wabwino alipiretu theka mu Novembala, mayiwa amamumanga kachingwe kumwendo n'kumusungira.