Kosiyi ndaipatsa nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri ndi za mayi a mlungu wachisanu ndi chimodzi

Kosi ina ya pa intaneti ya malonda a pakati pa mayiko ndaimaliza, milungu yonse isanu ndi itatu. Ndalama zake si zamasewera. Mavidiyo amatseguka bwino ngakhale netiweki ikamavuta.

Chimene chinandipweteka mtima chinachitika mlungu wachitatu. Aphunzitsi anatha ola lathunthu pa David Ricardo, katswiri wa zachuma wa ku England, ndi chitsanzo chake cha 1817, England ndi nsalu, Portugal ndi vinyo, kuti dziko lililonse lizilimbikira chimene limachita bwino, zinazo lizigula kunja. Nthawi ya mafunso ndinafunsa za Lesotho. Mu Januwale 2005 malire a kuchuluka kwa zovala zimene dziko lingagulitse kunja atachotsedwa pansi pa WTO, bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko, zovala za ku China zinasefukira ku America, mafakitale angapo a eni akunja ku Lesotho n'kutseka, anthu zikwizikwi ntchito n'kuwathera. Ndinati, Ricardo yemweyo ankaganiza kuti eni chuma sakonda kutulutsa ndalama zawo kwawo, nanga zimatha bwanji mwini fakitale akakhala woti angalongedze usiku umodzi?

Anandidula kukamwa. Akuti zimenezo ndi ndale, pano tikuphunzira zachuma, kenako anandizimitsira maikolofoni anzanga onse akuona. Mawa lake vidiyo ya phunzirolo itatuluka, funso langa munalibemo, analidula. Ndinalemba imelo kawiri kudandaula, mpaka lero zii. Bambo amenewa safuna kufunsidwa, amafuna kuomberedwa m'manja.

Ndinatsala pang'ono kusiya, koma mlungu wachisanu ndi chimodzi kunabwera mayi ena. Anajambula pa bolodi mabokosi awiri, kampani ya mgodi ndi inzake ya eni omwewo ku dziko la msonkho wochepa. Yoyamba imagulitsa miyala kwa inzakeyo motchipa dala, m'mabuku n'kuoneka ngati ikuluza, phindu n'kukatulukira kwina, boma la kumene kuli mgodi n'kutola msonkho wochepa zedi. Sanabisenso ubwino wa makampani akunja otere: ntchito, luso ndi makina amene dziko palokha silikanagula. Anafotokoza mmene South Korea inatetezera mafakitale ake a galimoto mpaka atalimba isanatsegule msika. Funso langa la Lesotho analiyankha kwa mphindi khumi, osathamanga.

Mukalembetsa, yambirani phunziro lawolo, ndipo mafunso anu muziwatumizira iwowo.