Thandizo la chipatala ndi chakudya kwa a Yanomami ku Brazil: nyenyezi 3 pa 5

Ndiyambe ndi malikisi kuti amene bando yanu ndi yochepa mudziwiretu. Ntchito yonseyi ndaipatsa nyenyezi 3 pa 5. Mbali ya chipatala payokha ndikanaipatsa 4 osaganiza kawiri, koma ya chakudya ndi chitetezo ndi imene yakokera pansi.

Kwa amene simuwadziwa, a Yanomami ndi anthu a m'nkhalango ya Amazon kumpoto kwa Brazil, kumalire ndi Venezuela, zigawo za Roraima ndi Amazonas. Dera lawo boma linalivomereza mu 1992 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita opitilira 96,000, pafupifupi mtunda wonse wa Malawi mukachotsako nyanja, koma anthu ake ndi ngati 30,000 basi. Midzi yambiri kulibe msewu, kufika kumeneko ndi kandege kakang'ono, helikopita kapena bwato masiku angapo. Nde tangoganizani mwana watentha thupi usiku ku malo ngati amenewo.

Mavuto anakula pomwe okumba golide mozembera malamulo, aja amawatchula kuti garimpeiros, analowa mwaunyinji mpakana kufika anthu ngati 20,000. Maenje amene amasiya amadzadza madzi, udzudzu nkumaswana, malungo nkufalikira mudzi ndi mudzi. Phokoso la makina linathamangitsa nyama, mitsinje inasanduka matope, ndipo zipatala zina zing'onozing'ono zinatsekedwa chifukwa manesi amaopa mfuti, ku Homoxi, amodzi mwa malo a m'dera lawo, olo bwalo la ndege lenileni linali m'manja mwa okumba golidewo. Atolankhani a Sumaúma anatulutsa nambala imene inagwedeza dziko lonse: ana 570 osakwana zaka 5 anamwalira pakati pa 2019 ndi 2022 ndi matenda oti amapeweka, kunyentchera, chibayo, kutsegula m'mimba, malungo. Pa 20 Januwale 2023 unduna wa zaumoyo unalengeza kuti kwagwa ngozi, ndipo tsiku lotsatira lake pulezidenti wa Brazil, Lula, anapita yekha ku Boa Vista, likulu la chigawo cha Roraima.

Zachipatala ndiyamikire ndithu. Anatumiza madokotala ndi manesi a Força Nacional do SUS, gulu la boma lothandiza pa ngozi za zaumoyo, asilikali a ndege anamanga chipatala cha matenti ku Boa Vista pafupi ndi CASAI, nyumba imene odwala ochokera kunkhalango amafikira, ndipo ana amene anali atatheratu amawanyamula pa ndege kupita nawo kutauni. Koma chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi choti anatsegula malo akulu othandizira odwala ku Surucucu, mkati mwenimweni mwa dera lawo. Amene munagwirako ntchito ya sikelo kumudzi mukudziwa kuti mayi akamauzidwa kuti mwana agonekedwe kutali, mutu umakhala pa ana ena amene atsale kunyumba ndi munda umene usiyidwe. Nde kwa mayi wa chi Yanomami amene Chipwitikizi sakuchidziwa, kukwera ndege kukakhala miyezi ku Boa Vista si zamasewera. Chithandizo chikamupeza kufupi ndi kwawo, ndiye kuti theka la nkhondo mwapambana kale.

Pa malungo napo achita bwino. Malungo ambiri a ku Amazon ndi a mtundu wa vivax, osati aja athu kuno oti LA masiku atatu basi zatha. Awa amabisala m'chiwindi nkudzabukanso patapita miyezi, nde pamafunika primaquine wa masiku 7, ndipo tonse tikudziwa mmene anthu amachitira, akangomva bwino tsiku lachitatu mapilisi otsala amakhala kudenga. Mu 2024 anayamba kupereka tafenoquine m'dera la a Yanomami, amene amangomwa kamodzi kokha, koma poyamba ayeze kaye magazi ndi kamakina ka G6PD chifukwa kwa anthu ena mankhwalawa amaononga magazi. Kwa mudzi woti nesi amafikako mwa apo ndi apo, mankhwala oti munthu amwe pamaso pako nkutha pompo ndi chinthu chachikulu kwabasi.

Tsopano chakudya. Apa ndi pamene mtima wanga sunakhutire. Mu 2023 ndege za asilikali zinkaponya makatoni ndi matumba pa parachuti ku Surucucu, kenako helikopita nkumagawa m'midzi. Sindikunyoza ayi, munthu wa njala sumufunsa zambiri, ndipo miyoyo inapulumuka ndi chakudya chimenecho. Koma m'matumbamo mumakhala zinthu ngati mpunga, mkaka waufa ndi nsomba za m'chitini, pamene anthuwa chakudya chawo ndi nthochi zophika ndi zootcha, chinangwa, nyama yosaka, nsomba za mumtsinje ndi zipatso za m'nkhalango. Mkaka waufa umafuna madzi abwino, nanga madzi abwinowo ali kuti poti mtsinje ndi umene okumba golide aipitsa? Komanso mwana wonyentchera kwambiri sumangomupatsa mbale ya mpunga, amafunika kuyamba pang'onopang'ono ndi chakudya chamankhwala ngati mmene timachitira ndi chiponde kuno, wina azimuyeza sabata ndi sabata. Thumba logwa kuchokera kumwamba silingachite zimenezo.

Chinanso, mudzi wonse ukadwala malungo palibe amene amapita kukaswa mphanje, nyengo yodzala imadutsa, chaka chamawa njala ndi yomweyo. Ine ndikanakonda ndalama zambiri zikanapita ku mbewu, timitengo ta chinangwa, ana a nthochi, zikwanje ndi nkhwangwa kuyambira mwezi woyamba womwe, chifukwa anthuwa ndi alimi, si opemphetsa ayi.

Koma chondipweteka kwambiri ndi chitetezo. Kumayambiriro kwa 2023 anathamangitsa okumba golide ambiri, anawotcha makina ndi ndege zawo, tonse tinaomba m'manja. Pofika kumapeto kwa chaka chomwecho ambiri anali atabwereranso chifukwa asilikali anafooka nazo. Nambala za boma lomwelo zinaonetsa imfa 363 mu 2023, kuposa 343 za 2022. Boma linati zaka zam'mbuyo imfa zambiri sizimalembedwa poti zipatala zinali zotseka, ndipo zimenezo ndikuzimvetsa, koma 363 ndi anthu abale, chaka choti thandizo lafika kale. Kuchiza malungo uku maenje atsopano akukumbidwa kuseli kwa mudzi ndi kutunga madzi ndi dengu. Mpake mu Febuluwale 2024 anatsegula ofesi ya Casa de Governo ku Boa Vista kuti apolisi, a zachilengedwe ndi a zaumoyo azigwirira limodzi ntchito osati kubwera ngati alendo nkumapita. Zimenezi zikanayamba mu 2023 momwemo.

Ndiye pali mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni chimene amagwiritsa ntchito posiyanitsa golide ndi dothi. Ameneyu ngakhale okumba golide onse atachoka lero amatsala mumtsinje, amalowa mu nsomba, nsomba nkulowa mwa mayi woyembekezera. Ofufuza a Fiocruz, bungwe la boma lofufuza za zaumoyo ku Brazil, anayeza tsitsi la anthu pafupifupi 300 a kumtunda kwa mtsinje wa Mucajaí ndipo onse anawapeza naye. Pa ichi palibe pilisi la kamodzi ngati la malungo lija.

Kwa amene mumafuna kuthandizako kapena kungotsatira nkhaniyi, ine ndinganene kuti muyambe mwamvera eni ake. Ali ndi bungwe lawo la Hutukara limene mtsogoleri wake ndi Davi Kopenawa, ndipo iwowa anakhala akulemba malipoti ndi kuchenjeza za okumba golide zaka zingapo boma lisanalengeze ngozi ija. Nyenyezi yachinayi ndidzaionjezera ndikadzamva kwa iwowo kuti ana a ku Homoxi akudya nthochi za m'munda mwa makolo awo ndipo nesi akugona pa chipatala chake osaopa.