Mlombwa, mbawa kapena bulugama pa tebulo lodyera

Amisiri anzanga, makasitomala amene amafika pa shedi yanga kuno ku Luchenza amafunsa kawirikawiri kuti tebulo lodyera lolimba limafuna mtengo wanji. Ine mtengo ndimauyesa ndi nyengo yathu, chifukwa chiperoni chikagwa mu June ndi July thabwa limamwa chinyontho, dzuwa la October likafika limauma n'kukokana, kotero thabwa losakhazikika limadziulula chaka chisanathe.

Pa mayeso amenewa mlombwa ulibe mnzake. Ukauma sufupika kwambiri, supindika, puleni imayenda bwino, ndipo chiswe sichiukonda, malinga ngati mwachotsa mbali yoyera ya kunja, imene imafumbwa msanga. Vuto ndi lakuti mlombwa umakula pang'onopang'ono ndipo kwathu kuno wasowa, choncho thabwa lotambalala ndi lodula, komanso wogulitsa amene alibe mapepala a Nthambi ya za Nkhalango angakuikeni m'mavuto. Mbawa imatsatira pafupi. Kufiira kwake kumakongola ikapakidwa vanishi, koma mitsempha yake imapingasana, moti puleni yobuntha imazula thabwa m'malo molisalaza, ndipo pamenepo sandipepala amatha wambiri.

Paini sindichedwa naye. Ndi wopepuka, wotsika mtengo, woyenera mashelefu ndi mabenchi, koma mwana akalemba pa pepala limodzi ndi bolopeni, zilembo zimatsala pa tebulo.

Amene ndikufuna timuganizirenso ndi bulugama, mtengo umene taudziwa ngati nkhuni zoumitsira tiyi m'maesiteti ndi milimo ya madenga. Ambiri amaunyoza kuti umang'aluka, ndipo sanama: tebulo langa loyamba la bulugama linatseguka mng'alu wolowa chala pakati penipeni, mwini wake analibweza pa ngolo, ndipo ndinalikonzanso ndi ndalama zanga. Koma cholakwa chinali changa, pakuti matabwawo anali atachekedwa miyezi iwiri yokha. Masiku ano ndimagula a mtengo wokhwima, ndimapaka penti kumapeto kwake kuti asaume mothamanga, ndimawasanja pamthunzi ndi timitengo pakati kuti mphepo idutse, pamwamba n'kuikapo miyala, ndipo thabwa la inchi imodzi ndimalisiya chaka chathunthu. Kenako ndimalicheka timizere ta mainchesi 3 kapena 4 n'kutilumikiza ndi guluu motembenuzatembenuza, kuti kamzere kakafuna kupindikira uku, kanzake kakokere uko. Msomali suloledwa popanda kuboola kaye, ndipo pamwamba pa tebulo sindipamata ku miyendo, ndimapamanga ndi masikuluwu m'mabowo otalikirapo kuti thabwa lizipuma. Likapangidwa chotero limalemera, limalimba, ndipo mtengo wake mphunzitsi wa pulayimale amaufikira.

Ena amandinong'oneza za mkungudza wa m'phiri la Mulanje, chifukwa cha fungo lake ndi kusadyedwa ndi chiswe. Mtengo umenewu unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, ndipo lero mitengo yake yaikuluikulu inatha m'phirimo, kwatsala mbande zimene anthu akudzala movutikira. Sindiulandira pa shedi yanga, ngakhale wina atanena kuti unagwa wokha.

Kasitomala amene ali ndi ndalama, ndipo thabwa lake lili ndi mapepala, ndimamupangira la mlombwa. Wina aliyense ndimamutengera kuseri kwa shedi kuti akaone mulu wa bulugama ndi tsiku limene ndinalemba ndi choko pa thabwa lililonse.